Kuwerengera insulini ya pa chakudya: mafunso ndi mayankho kwa odwala shuga

Mafunso awa ndi a anthu amene amadzibaya insulini, makamaka odwala shuga wa mtundu woyamba, komanso makolo amene akulera mwana wa matendawa. Mayunitsi onse amene atchulidwa m'munsimu ndi zitsanzo zophunzirira masamu. Manambala anu enieni muwapeze pamodzi ndi dokotala kapena namwino wa ku kiliniki ya shuga, chifukwa yuniti imodzi imene bambo wa makilogalamu 80 sangaimve n'komwe ikhoza kukomola mwana wa zaka 6.

Kodi kuwerengera makabohaidireti n'kutani, ndipo kumagwirizana bwanji ndi insulini?

Kapamba wa munthu wopanda shuga amatulutsa insulini m'njira ziwiri. Amaidontheza pang'onopang'ono usana ndi usiku, kenako munthu akadya amatulutsa yambiri nthawi imodzi, molingana ndi chakudya chimene chalowa. Wodwala shuga wa mtundu woyamba amagwira yekha ntchito ziwirizi ndi jakisoni. Insulini yokhalitsa imalowa m'malo mwa yodontha ija, ndipo ya pa chakudya imalowa m'malo mwa inayo.

Chimene chimakweza shuga msanga mukadya ndi makabohaidireti, kutanthauza sitachi ndi shuga zimene zili m'chakudya. Mukadziwa magalamu awo m'mbale yanu, ndipo mukadziwa magalamu amene yuniti imodzi ya insulini imakwanitsa m'thupi mwanu, mukhoza kuwerengera mayunitsi oyenera chakudya chimenecho. Apa insulini ndiyo imatsata chakudya. Kale zinali zosiyana: munthu ankapatsidwa mlingo umodzi, ndipo ankakakamizika kudya kuti aukwanitse, kaya ali ndi njala kaya ayi.

Njirayi si yachilendo. Inali imodzi mwa njira zimene zinagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wamkulu wa DCCT ku America ndi Canada, wa anthu 1,441, amene mu 1993 anaonetsa kuti kusunga shuga pafupi ndi mlingo woyenera kumachepetsa kwambiri kuwonongeka kwa maso, impso ndi mitsempha. Ku Britain amaiphunzitsa pa maphunziro a masiku asanu otchedwa DAFNE, amene anatengera maphunziro a ku Düsseldorf m'dziko la Germany.

Ndi zakudya ziti zimene ndiyenera kuwerengera?

Nsima ya mtundu uliwonse, kuphatikizapo kondowole, phala, mpunga, buledi, mbatata, mbatatesi, chinangwa, nthochi zophika, chimanga chowotcha, mandasi, zitumbuwa, chikondamoyo, zipatso, mkaka, thobwa, zakumwa zotsekemera ndi shuga wa mu tiyi. Nyama, nsomba, mazira, mafuta ndi ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso ndi therere siziwerengedwa. Usipa ndi matemba idyani osawerengera.

Manambala ofunika kuwaloweza ndi ochepa. Magalamu 100 a mpunga wophika ali ndi makabohaidireti pafupifupi magalamu 28. Mbatata kapena mbatatesi zowiritsa zolemera chimodzimodzi zili ndi 17 mpaka 20, pamene chinangwa chimapitirira 30. Kagawo kamodzi ka buledi wodulidwa kale kali ndi pafupifupi 15, nthochi yakupsa yapakatikati 20 mpaka 25, kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 12, ndipo supuni yaing'ono ya shuga 4 kapena 5. Munthu amene amathira masupuni anayi mu tiyi wam'mawa wamwa kale zoposa kagawo ka buledi asanalume chilichonse.

Nyemba, nandolo ndi khobwe zili pakati. Makabohaidireti zili nawo ndithu, koma amalowa m'magazi mochedwa, moti ambiri akaziwerengera zonse amapezeka shuga watsika pakatha ola limodzi kapena awiri. Zikakhala ndiwo zapambali, aphunzitsi ena amati musaziwerengere, ena amati werengerani theka. Makina anu oyezera ndiwo adzakuuzeni mbali imene thupi lanu lili.

Kodi insulini iliyonse ingagwiritsidwe ntchito motere?

Ayi, ndipo funso ili liyenera kuyankhidwa musanayambe masamu alionse. Tengani botolo kapena peni yanu muwerenge dzina.

Njirayi imayenda bwino kwambiri ndi insulini yothamanga, monga lispro, aspart ndi glulisine, zimene m'mafamase zimadziwika kuti Humalog, NovoRapid ndi Apidra. Imayamba kugwira pakatha mphindi 10 mpaka 20, imafika pachimake pa ola limodzi kapena awiri, n'kutha pakatha maola 3 mpaka 5.

Imathekanso ndi insulini yoyera ngati madzi imene m'zipatala zathu amaitchula kuti soluble, monga Actrapid. Imeneyi imachedwerapo: imayamba pakatha theka la ola, imafika pachimake pakati pa maola 2 ndi 4, ndipo imakhala m'thupi maola 6 mpaka 8. Mchira wake wautaliwo ndi umene umachititsa kuti ambiri afune kachakudya kochepa pakati pa m'mawa ndi masana.

Insulini yambuu, imene ambiri amaitcha lente kapena NPH, ndi yokhalitsa, si ya pa chakudya. Musaisinthe potsata mbale. Chimodzimodzinso yosakaniza kale, monga Mixtard kapena Actraphane, imene pa mayunitsi 10 alionse atatu ndi ofulumira ndipo asanu ndi awiri ndi okhalitsa. Mukaionjezera chifukwa nsima yachuluka usiku, mwaonjezeranso mbali yokhalitsa ija, ndipo idzakupezani pakati pa usiku muli m'tulo. Ngati muli pa yosakaniza, kuwerengera kumakuthandizanibe, koma mwa njira ina: kumakuthandizani kudya magalamu ofanana pa nthawi zofanana tsiku ndi tsiku.

Ndingadziwe bwanji magalamu amene yuniti imodzi imakwanitsa m'thupi mwanga?

Poyambira pamakhala lamulo la 500. Phatikizani mayunitsi onse amene mumabaya pa tsiku, okhalitsa ndi a pa chakudya omwe, kenako gawani 500 ndi nambala imeneyo. Amene amabaya mayunitsi 40 pa tsiku apeza 12.5, kutanthauza kuti yuniti imodzi ikukwanitsa magalamu pafupifupi 12. Wa mayunitsi 50 apeza 10. Amene ali pa soluble kawirikawiri amagwiritsa ntchito 450 m'malo mwa 500. Makiliniki ena sachita masamu amenewa, amangoyambitsa munthu wamkulu pa yuniti imodzi pa magalamu 10 kapena 15, n'kumakonza m'tsogolo.

Nambala imeneyi ndi yongoyambira. Anthu ambiri amafuna insulini yochulukirapo pa chakudya cham'mawa, chifukwa m'bandakucha thupi limatulutsa mahomoni amene amalimbana ndi insulini. Si zachilendo munthu kukhala ndi yuniti imodzi pa magalamu 8 m'mawa, pa 12 masana, ndi pa 10 madzulo. Imasinthanso mwana akatha msinkhu, mayi akakhala woyembekezera, masiku oyandikira kusamba, ndiponso munthu akamamwa mankhwala monga prednisolone.

Chinthu chimodzi chimasokoneza ambiri: nambala ikamachepa, insulini imachuluka. Kuchoka pa 12 kupita pa 10 ndi kuonjezera mlingo, osati kuchepetsa.

Nanga nsima, imene ilibe chikalata chowerengapo, ndiiyeza bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani. Kugawa manambala mwana wa Sitandade 5 akhoza, koma kudziwa zimene zili mu mtanda wa nsima ndiyo ntchito. Mtanda wa kwa agogo si wofanana ndi wa mu lesitilanti, chipande china n'chakuya, china n'chosaya, ndipo nsima yolimba ya anthu olima ili ndi ufa wambiri kuposa yofewa yolemera chimodzimodzi. N'chifukwa chake nambala yongomva kwa mnzanu, yakuti mtanda umodzi ndi magalamu akutiakuti, ndi yosadalirika.

Chodalirika ndi ufa. Madzi alibe makabohaidireti, choncho onse amene ali mumphika achokera mu ufa, ndipo magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi pafupifupi 75. Pezani sikelo yaing'ono ya kukhitchini, ngakhale yobwereka kwa masiku ochepa. Musanaphike, yezani ufa wonse umene mwatapa m'beseni. Mukatha kuvundula, yezani wotsala. Kusiyana kwake ndiwo ufa umene walowa mumphika, wa phala loyambira ndi wothira pambuyo womwe. Tinene kuti walowa magalamu 600. Makabohaidireti ake ndi 450. Ngati woomola watulutsa mitanda 12 yofanana, mtanda uliwonse uli ndi magalamu 37 kapena 38. Nkhoko zotsalira mumphika zimachotsako pang'ono, koma si zoti mudandaule nazo.

Mukafuna kulondola kwambiri, yezani nsima yonse itapsa. Ngati ufa wa magalamu 600 uja watulutsa nsima ya makilogalamu awiri, ndiye kuti magalamu 100 alionse a nsima ya panyumba panu ali ndi makabohaidireti 22 kapena 23. Kuyambira pamenepo mungoika mbale yanu pa sikelo.

Chitani zimenezi kangapo ndi wophika yemweyo, mphika womwewo ndi chipande chomwecho. Pakapita nthawi maso amazolowera, ndipo mukakhala ku maliro kapena ku ukwati mumatha kuona kuti mtanda wakumeneko ndi umodzi ndi theka wa kwanu. Pabanja pamene onse amadyera mbale imodzi, wodwala shuga apatsidwe mbale yakeyake. Ena amaona ngati n'kumusala, koma palibe amene angawerenge mbamu zimene watema m'mbale ya anthu asanu.

Kodi ndiyenera kulondola mpaka galamu imodzi?

Ayi. Kafukufuku wa ana odwala shuga anapeza kuti pa chakudya cha magalamu 60, kuphonya ndi magalamu 10 sikusintha kwambiri shuga wa pambuyo pa chakudya, koma kuphonya ndi 20 kumaonekera. Vuto la nsima n'lakuti kuphonya ndi theka la mtanda n'kuphonya kale ndi pafupifupi 20.

Mgaiwa suwerengedwa, si choncho? Ku chipatala anatiuza kuti ndi wabwino kwa odwala shuga.

Ndi wabwino, koma umawerengedwa. Mgaiwa uli ndi gaga, mavitamini ndi mafuta a mtima wa chimanga zimene ufa woyera unataya pokonola ndi poviika. Umakhutitsa, ndipo kwa ena umakweza shuga modekha pang'ono. Koma makabohaidireti ake ndi ochepera pang'ono chabe poyerekeza ndi a ufa woyera. Amene amadya mitanda inayi ya mgaiwa poganiza kuti ndi mankhwala amadabwa akayeza. Uchi nawonso ndi shuga, ndipo madzi a zipatso ofinya nokha amakweza shuga mofulumira kuposa chipatso chodya ndi mano.

Tandionetsani chitsanzo chonse, kuyambira pa mbale mpaka pa jakisoni.

Titenge munthu wa mayunitsi 40 pa tsiku uja, amene yuniti imodzi imamukwanitsira magalamu 12. Masana akudya mitanda iwiri ya nsima ya panyumba pake, usipa, nkhwani zotendera ndi nthochi imodzi. Nsima ndi magalamu 75, nthochi 20, usipa ndi nkhwani palibe chowerengera. Zonse pamodzi 95. Akagawa 95 ndi 12 apeza 7.9, ndiye abaya mayunitsi 8. Ngati shuga wake asanadye ali pa mlingo woyenera, masamu athera pomwepo.

Manambala akathera pakati, monga 7.5, ambiri amatsitsa ngati ndi usiku kapena ngati akupita kokagwira ntchito yolemetsa, n'kukweza ngati shuga ali chakumtunda. Ana ndi anthu amene insulini imawagwira kwambiri amathandizidwa ndi peni yotha kubaya theka la yuniti.

Nanga ndikayeza n'kupeza shuga ali kale pamwamba ndisanadye?

Pamenepo pamafunika nambala yachiwiri, yosonyeza mmene yuniti imodzi imatsitsira shuga wanu. Ngati makina anu amalemba mu mmol/L, gawani 100 ndi mayunitsi anu a tsiku lonse. Ngati amalemba mu mg/dL, gawani 1,800. Wa mayunitsi 40 uja apeza kuti yuniti imodzi imatsitsa 2.5 mmol/L, kapena 45 mg/dL. Pa soluble amagwiritsa ntchito 1,500 m'malo mwa 1,800.

Tinene kuti wayeza n'kupeza 12 mmol/L pamene iye ndi dokotala anagwirizana kuti azilondola 7. Wapitirira ndi 5. Akagawa 5 ndi 2.5 apeza 2. Mayunitsi awiriwa aphatikiza pa 8 a chakudya aja, n'kubaya 10 nthawi imodzi. Shuga akakhala pansi pa mlingo, masamu omwewo amagwira chobwerera, mumachotsako. Koma akakhala pansi pa 3.9, yambani mwamukweza kaye musanaganize za jakisoni.

Samalani ndi makina. M'Malawi muno amapezeka a mitundu yonse iwiri, ena ogula kuno, ena otumizidwa ndi abale a ku Joni, ku Britain kapena ku America. Kuti muchoke pa mmol/L kupita pa mg/dL chulukitsani ndi 18: 7 ndi 126, ndipo 12 ndi 216. Makina akalemba 70 mu mg/dL ndiye kuti shuga watsika, si kuti wakwera.

Ndabaya, ndadya, patha ola limodzi shuga ali pa 14. Ndibayenso?

Dikirani. Insulini imene munabaya mwina sinafike n'komwe pachimake, ndipo ikadali ndi maola angapo ogwira ntchito. Kubaya ina pamwamba pake kuli ngati kuthira mchere wachiwiri m'ndiwo woyamba usanasungunuke. Zonse zidzagwira nthawi imodzi, ndipo pofika madzulo mudzakhala mukunjenjemera. Pa insulini yothamanga, musabaye yotsitsira pasanathe maola 3 kapena 4 chibayireni ina. Pa soluble dikirani kuposa pamenepo. Mukadya chakudya china pakati, bayani ya chakudyacho chokha, osaonjezera yotsitsira. Mlingo wotsitsira wa nthawi yogona ukhale wochepa, ndipo ukhale umene munakambirana ndi a kuchipatala.

Ndibaye nthawi yanji, ndisanadye kapena nditadya?

Musanadye. Yothamanga ibayidwe mphindi 10 mpaka 15 chakudya chisanayambe, soluble mphindi 30. Nsima ya ufa woyera, phala, buledi ndi mpunga zimalowa m'magazi mofulumira kuposa insulini, moti anthu ambiri amene amadandaula kuti nambala yawo ndi yolakwika vuto lawo limakhala nthawi. Shuga amakwera kwambiri pa ola loyamba, kenako n'kutsika mopitirira pa ola lachinayi. Zikamatero, kuonjezera mayunitsi kumangoipitsa zinthu. Chofunika n'kubaya msanga.

Koma musabaye chakudya musanachione. Ku lesitilanti, ku msonkhano kapena ku ukwati, mawu akuti "chatsala pang'ono kupsa" akhoza kutanthauza maola awiri.

Ndiwerenge chiyani pa paketi ya zakudya za m'sitolo?

Fufuzani mzere wolembedwa Carbohydrate. Pa katundu wochokera ku South Africa, amene wadzaza m'masitolo athu, pamalembedwa Glycaemic carbohydrate. Musatenge kamzere ka pansi pake kakuti of which sugars, chifukwa kameneko n'kagawo chabe ka nambala yaikulu ija. Onaninso ngati nambalayo ndi ya magalamu 100 kapena ya mlingo umene kampani ikuti ndi wodya kamodzi. Mlingo wa kampani nthawi zambiri umakhala mabisiketi awiri, pamene munthu amadya asanu ndi limodzi. Mabisiketi olembedwa kuti alibe shuga amakhalabe a ufa wa tirigu, ndipo amawerengedwa. Pa mapaketi a ku America nambala yaikulu imaphatikiza ndi gaga yemwe, amene sakweza shuga, choncho akachuluka amachotsedwapo.

Ndingadziwe bwanji kuti nambala yanga ndi yolondola, poti timapepala toyezera n'todula?

Sankhani tsiku labwinobwino, lopanda matenda, mowa kapena ntchito yolemetsa, pamene shuga musanadye ali pakati pa 4 ndi 7. Idyani chakudya chimene mukudziwa bwino magalamu ake, chopanda mafuta ambiri. Yezani pakatha maola awiri: kukwera ndi 2 kapena 3 n'kwabwino, ndipo ambiri amalondola kukhala pansi pa 10. Yezaninso pakatha maola anayi, kapena musanadye chakudya chotsatira. Ngati wabwerera pafupi ndi pamene anayambira, nambala yanu ili bwino.

Timapepala tikachepa, musatimwaze. Kuyeza kamodzi m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu sikukuuzani kanthu za nsima ya masana. Kuli bwino kutenga masiku atatu n'kulimbana ndi chakudya chimodzi, kuyeza musanadye ndi pambuyo pake, kenako sabata yotsatira n'kupita pa china. Lembani m'kope nthawi, shuga, chakudya, magalamu ndi mayunitsi, n'kupita nalo ku kiliniki. Musasinthe nambala chifukwa cha tsiku limodzi. Sungani timapepala tingapo ta tsiku limene mwadwala kapena mukumva zachilendo.

Dziwaninso kuti insulini yokhalitsa ikakhala yolakwika, masamu onse a chakudya amasokonekera. Ngati shuga amakwera kapena kutsika yekha usiku musanadye kanthu, yambani mwakonza imeneyo.

Ndikamapita kumunda kapena kukapalasa njinga, ndibaye chimodzimodzi?

Ayi. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi, ndipo insulini imagwira mwamphamvu kuposa masiku onse. Kulima, kupalasa kabaza, kusenza madzi mtunda wautali ndi kusewera mpira pasanathe maola awiri kapena atatu mutadya kumafuna kuti mlingo wa chakudyacho uchepe. Ena amachotsa kotala, ena theka, malinga ndi kulemera ndi kutalika kwa ntchito. Ikakhala yadzidzidzi mutabaya kale, idyani kanthu koonjezera. Musabaye pantchafu mukamapita kukapalasa njinga, chifukwa insulini imalowa msanga pa mnofu umene ukugwira ntchito. Tsiku limene mwagwira ntchito yolemetsa, shuga akhoza kutsika usiku wake, choncho yezani musanagone. M'thumba musamasowe shuga kapena maswiti.

Ndikaphonya masamu shuga n'kutsika, ndichite chiyani?

Zizindikiro zake ndi thukuta, kunjenjemera, njala yadzidzidzi, mtima kugunda, kusaona bwino, kukwiya popanda chifukwa ndi kusokonezeka mutu. Pa makina ndi pansi pa 3.9 mmol/L kapena 70 mg/dL. Imwani magalamu 15 a shuga wofulumira: masupuni aang'ono atatu kapena anayi osungunula m'madzi, kapena theka la botolo laling'ono la Fanta kapena Coca-Cola wamba, osati wopanda shuga. Dikirani mphindi 15, yezaninso, bwerezani ngati sanakwere. Akakwera, ndipo chakudya chili kutali, idyani buledi kapena nthochi. Magalamu amenewa sabayidwira insulini. Chokoleti ndi mandasi zimachedwa chifukwa cha mafuta. Ngati mulibe choyezera koma zizindikiro zilipo, imwani shuga basi.

Munthu akakomoka, musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, mubayeni jakisoni wokweza shuga wotchedwa glucagon ngati alipo, ndipo thamangirani naye kuchipatala. A pakhomo, anzanu a kuntchito ndi aphunzitsi a mwana ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa munthu amene shuga wamutsikira amaoneka ngati waledzera, ndipo anthu amangomudutsa.

Ndikadya tchipisi ndi nyama, shuga amakwera patapita maola ambiri. Chifukwa chiyani?

Mafuta amachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, komanso amachititsa kuti insulini isagwire bwino kwa maola angapo. Nyama yambiri nayo imasanduka shuga pang'onopang'ono. Zotsatira zake, shuga akhoza kutsika poyamba, n'kudzakwera pakatha maola 3 mpaka 6. Futali wothira nsinjiro zambiri amachitanso zomwezo kwa ena. Ena amagawa mlingo pawiri, wina asanadye, wina pakatha ola limodzi kapena awiri. Zimenezi muyesere mutakambirana ndi a kuchipatala, ndipo muyambe masana, osati usiku.

Nanga thobwa ndi mowa?

Thobwa ndi ufa, chimera ndi shuga wothira, ndipo ndi lovuta kuliwerengera chifukwa aliyense amaphika mwake. La panyumba mukhoza kuliyeza monga munayezera nsima. La mumsewu lingoyerekezani ndi chakumwa chotsekemera.

Mowa ndi nkhani ina. Chiwindi chikatanganidwa ndi mowa chimaleka kutulutsa shuga m'magazi, moti shuga akhoza kugwa usiku kapena m'mawa mwake. Masese ndi Chibuku zili ndi makabohaidireti, zimakweza shuga poyamba n'kudzamutsitsa pambuyo. Kachasu ndi mowa wina wolimba zimangotsitsa. N'chifukwa chake malangizo ambiri amati mowa musaubayire insulini, musamwe m'mimba mopanda kanthu, idyani musanagone, ndipo musabaye yotsitsira usiku umenewo.

Ndadwala, sindikudya. Ndisiye insulini?

Ya pa chakudya imachepa ngati simukudya, koma yokhalitsa isasiyidwe ngakhale tsiku limodzi. Malungo, chimfine, chilonda kapena matenda a m'chikhodzodzo zimakweza shuga ngakhale munthu asadye, ndipo wodwala mtundu woyamba akasowa insulini thupi limayamba kupanga maketoni, amene amaika asidi m'magazi. Imwani madzi ambiri, yezani pafupipafupi, ndipo ngati muli ndi timapepala toyezera maketoni yezani shuga akapitirira 14. Kusanza kosaleka, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ndi mofulumira kapena kugona tulo tosadzuka bwino ndi zizindikiro zopita kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Pa malungo dziwitsani dokotala kuti muli pa insulini, chifukwa malungo aakulu ndiponso mankhwala a quinine zimatha kutsitsa shuga.

Masamu ndikuchita bwino, koma shuga sakumvera. Chalakwika n'chiyani?

Musanasinthe manambala, gwirani pamene mumabaya. Kubaya malo amodzimodzi kumapanga zotupa zofewa za mafuta pansi pa khungu. Anthu amazikonda chifukwa sizipweteka, koma insulini yobayidwa pamenepo imalowa mosadziwika, lero pang'ono, mawa yonse. Sinthasinthani malo pamimba, pantchafu ndi pamatako. Mukasamukira pakhungu labwino chenjerani, mlingo womwewo ukhoza kugwira mwamphamvu kuposa kale.

Kenako onani insulini yeniyeniyo. Yosatsekula imasungidwa mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ikaundana yatha ntchito. Imene mukugwiritsa ntchito imakhala pafupifupi milungu inayi kunja kwa firiji, pamthunzi. Kumene kulibe magetsi, ambiri amaika botolo m'kachitini kotseka bwino, n'kuliika mu mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa. Insulini yoyenera kukhala yoyera ikachita mbuu, kapena yambuu ikapanga timibulu, itayeni. Onaninso sirinji: insulini yolembedwa U-100, kutanthauza mayunitsi 100 pa mililita imodzi, imafuna sirinji ya U-100. Mukaikoka ndi sirinji ya U-40, mudzabaya mlingo wochuluka kawiri ndi theka.

Mwana wanga sadziwika ngati amaliza chakudya. Ndimubaye bwanji?

Kubaya asanadye kumakhalabe kwabwino, ngakhale kwa ana. Makolo ambiri amabaya mlingo wa magalamu amene akudziwa kuti mwana sangalephere kudya, kenako n'kuonjezera wotsala akaona kuti wamaliza. Akakana chakudya atabayidwa kale, mupatseni china cha magalamu ofanana, monga mkaka, nthochi kapena buledi. Musazolowere kumupatsa maswiti pamenepa, chifukwa ana amaphunzira msanga kuti kukana nsima kumabweretsa zotsekemera. Kwa ana aang'ono lamulo la 500 silikhala lolondola kwenikweni, makamaka pa phala lam'mawa, choncho nambala yawo ichokere ku kiliniki ndipo iziunikidwa pafupipafupi pamene akukula. Ngati kusukulu amalandira phala, pitani mukaone kukula kwa kapu imene amamwera, mufunse ophika ngati amathiramo shuga, ndipo mulembere mphunzitsi pakapepala zoyenera kuchita mwana akayamba kutuluka thukuta ndi kunjenjemera m'kalasi.